Kusintha mawu osakhudza mayina: njira iti imamusiya Mavuto ali Mavuto?

Tengani chiganizo ichi: "Mavuto anabwera usiku." Kodi wabwerayo ndi munthu kapena ndi zovuta? Inu amene munalemba nkhaniyo mukudziwa, chifukwa m'ndime yapitayo munanena kale kuti Mavuto ndi mlonda amene anali patchuthi. Koma pulogalamu ya pakompyuta imene mwaituma kusintha mawu imangoona zilembo. Ikafufuza pamndandanda wake ipeza kuti "mavuto" ndi "zovuta" n'chimodzimodzi, ndiye ikulemberani kuti "Zovuta anabwera usiku." Pamenepo zawonongeka zinthu ziwiri nthawi imodzi: munthu walandidwa dzina, ndipo chiganizo chathyoka msana.

Anthu amafuna kulowetsa mawu ofanana tanthauzo m'malo mwa ena pa zifukwa zosiyanasiyana. Wina walemba lipoti ndipo waona kuti "chitukuko" chabwera kasanu ndi kawiri patsamba limodzi. Wina akufewetsa nkhani yolimba kuti ana asukulu aimve. Ena ndi okonza mapulogalamu amene amafuna ziganizo zambiri zophunzitsira makina, ndipo kusintha mawu ochepa m'chiganizo ndi njira imodzi yozichulukitsira, monga anafotokozera Jason Wei ndi Kai Zou mu 2019. Palinso amene akufuna kubisa kuti anakopera ntchito ya mnzawo. Awa ndiwauziretu kuti ganizo limakhalabe la mwini wake ngakhale mutalivula malaya n'kuliveka ena, ndipo gwero liyenera kutchulidwa basi.

Kwa ena onsewo vuto ndi limodzi: mayina amwinimwini, a anthu, malo, mabungwe, mabuku ndi katundu wa makampani, asasunthe ngakhale chilembo chimodzi. Njira zilipo zingapo ndipo sizilingana mphamvu.

Kusintha pamanja

Iyi ndi njira yakalekale. Peter Mark Roget anatulutsa buku lake la mawu a Chingerezi osanjidwa potengera matanthauzo mu 1852, ndipo lero ntchito yomweyo ili mkati mwa mapulogalamu olembera. Mu Microsoft Word mukasankha mawu n'kudina Shift ndi F7, pambali pamatuluka ena ofanana nawo. Mu LibreOffice Writer ndi Ctrl ndi F7. Izi zimathandiza polemba Chingerezi. Pa Chichewa mudalira mutu wanu, mtanthauziramawu ndi khutu.

Pa nkhani ya mayina, njirayi ilibe inzake. Munthu amene akuwerenga sangasinthe a Phiri kukhala a Chitunda, kapena a Mvula kukhala a Mvumbi. Amadziwanso chinthu china chimene mndandanda wa mawu sungamuuze: mawu ofanana tanthauzo safanana ulemu. Galu amafa, munthu amamwalira, ndipo pouza achibale timati watisiya. Onsewo akunena chinthu chimodzi, koma mukawasinthanitsa mwachisawawa mukhoza kutukwana anthu amene ali pachisoni. "Kuona" ndi "kuyang'ana" zimayandikana, komabe munthu akhoza kuyang'ana osaona. "Kukwiya" kukhoza kukhala kwamumtima, pamene "kukalipa" kumatuluka pakamwa.

Choipa chake ndi nthawi basi. Masamba atatu kapena asanu mutha kuwamaliza madzulo amodzi. Masamba mazana awiri sizitheka, ndipo maso akatopa amayamba kudumpha mizere.

Find and Replace

Aliyense amene anagwirapo kompyuta amaidziwa: Ctrl ndi H, mulembe mawu akale, mulembe atsopano, mudine Replace All. Imathamanga, ndi yaulere, ndipo imachita ndendende zimene mwailamula. Ngozi yake ili pomwepo.

Zinandichitikirapo ndikukonza lipoti la gulu lina lothandiza anthu. Mawu oti "mphatso" anali paliponse, ndipo eni lipotilo anati ndalamazo sizinali mphatso koma chithandizo. Ndinasintha onse kamodzi. Kumapeto kwa lipotilo, pomwe panali dzina la mlembi wa gululo, panatuluka kuti "Chithandizo", ndi C wamkulu, kenako dzina la bambo ake. Word ili ndi khalidwe loti ngati simunachonge Match case, bokosi losiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, imatengera kalembedwe ka mawu amene yawapeza, choncho dzina lonamalo linaoneka ngati lenileni. Tinalizindikira lipoti litasindikizidwa kale, ndipo zinandipweteka kuona mayiyo akufufuza dzina lake papepala limene iye mwini analivutikira. Mkati mwa lipotimo munalinso "chithandizo yathu" ndi "chithandizo zimenezi" zambirimbiri, poti agwirizanitsi a "mphatso" anatsala momwemo.

Zoterezi zinachitikirapo ngakhale ofalitsa nkhani. Mu 2008 webusayiti ina ya ku America yotchedwa OneNewsNow inali ndi lamulo losintha mawu oti "gay" kukhala "homosexual" paliponse m'nkhani zimene inkalandira kuchokera ku bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press. Katswiri wothamanga Tyson Gay atapambana pa mpikisano wosankha opita ku Olympics, webusayitiyo inamulemba kuti Tyson Homosexual. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Yahoo inkasintha zilembo "eval" kukhala "review" m'makalata a imelo pofuna chitetezo, ndipo mawu oti "medieval" ankasanduka "medireview".

Chitsanzo chachiwirichi chimatikhudza kwambiri ife, chifukwa Chichewa chimamanga mawu polumikiza tizidutswa. Yesani kusintha "ana" kukhala "achichepere" osachonga Find whole words only, bokosi lofufuza mawu athunthu okha: "anapita" asanduka "achicheperepita", ndipo "sanabwere", "mwana" ndi aneni ambiri a nthawi yakale aonongeka. Mukachonga, vuto litembenuka: "anawo" ndi "anawa" adumphidwa. Mabokosi awiriwa, Match case ndi Find whole words only, muwachonge nthawi zonse, ndipo m'malo mwa Replace All muzidina Find Next n'kumaona malo amodziamodzi. Mukatero Find and Replace yasanduka kusintha pamanja kothamangirapo, ndipo m'maonekedwe amenewo ndimaikonda.

Lamulo la chilembo chachikulu

Amene amadziwa kulemba timapulogalamu, kawirikawiri m'chinenero cha Python, amayamba ndi ganizo losavuta: mawu aliwonse oyamba ndi chilembo chachikulu asakhudzidwe, otsalawo afufuzidwe mu WordNet. WordNet ndi nkhokwe ya mawu a Chingerezi imene George A. Miller ndi anzake anaiyamba ku yunivesite ya Princeton mu 1985. Ili ndi magulu a mawu ofanana tanthauzo opitirira 117,000, ndipo imapezeka mwaulere kudzera mu NLTK, zida za Python zosanthulira chinenero.

Lamuloli limagwira mayina ambiri, koma limadontha mbali zonse. Mawu oyamba a chiganizo chilichonse ali ndi chilembo chachikulu, choncho mwina muwasiya onse ngati kuti ndi mayina, kapena muwasintha onse n'kumeza Mavuto uja. Mitu ya nkhani yolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha siiwululanso kanthu. Pali mayina oyamba ndi chilembo chaching'ono, monga iPhone ndi eBay, ndi ena amene ali ndi mawu aang'ono pakati, monga Vincent van Gogh kapena Bank of England. Mauthenga a pa WhatsApp ambiri alibe chilembo chachikulu n'chimodzi chomwe. Chijeremani chimayamba dzina lililonse ndi chilembo chachikulu, ngakhale la mpando, pamene Chiarabu ndi Chitchaina zilibiretu zilembo zazikulu. Kwathu kuno kuli vuto lowonjezera: ena amalemba "ku London" ndi "a Banda", ena "kuLondon" ndi "aBanda", ndipo kwa achiwiriwa chilembo chachikulu chabisala mkati mwa mawu.

Ngakhale dzina litapulumuka, WordNet payokha siidziwa tanthauzo limene mukufuna. Imakupatsani matanthauzo onse a mawuwo, kusankha n'kwanu. Mutakhala ndi mndandanda wotero wa Chichewa, vuto likhala lomwelo. "Mtengo wakwera" ukhoza kukhala wa katundu, osati wa m'nkhalango. "Katunduyu walemera" sizikutanthauza kuti katundu wapeza chuma.

Pali chinthu chimodzi chimene Chichewa chili nacho chimene Chingerezi chilibe, ndipo ndimaona kuti okonza mapulogalamu sachilabadira mokwanira. Agwirizanitsi athu amaulula dzina la munthu kuposa chilembo chachikulu. Timati "chikondi chathu chafika patali", koma "Chikondi wathu wafika". Timati "chisomo chake", koma "Chisomo wake". Mawu akangosanduka dzina la munthu, amachoka m'gulu lawo n'kuyamba kutenga agwirizanitsi a anthu. Choncho pulogalamu ikaona mawu a gulu la chi- akutsatidwa ndi "wa-" kapena "ana-" m'malo mwa "cha-" kapena "china-", ili ndi umboni wamphamvu woti pamenepo pali munthu. Sizigwira paliponse. "Mavuto anabwera" amakhalabe pawiri, chifukwa gulu la ma- ndi gulu la anthu zimakumana pa "ana-". Koma "Mavuto wabwera" ndi munthu mosakayikitsa.

Agwirizanitsi omwewo ndi amene amapangitsa kuti kusintha mawu ndi makina kukhale kovuta pa Chichewa. Pa Chingerezi mumazula mawu amodzi n'kubzalapo ena. Kwathu mukasintha dzina n'kulowa gulu lina, chiganizo chonse chiyenera kutsatira: "mavuto athu aakulu atha" akhale "zovuta zathu zazikulu zatha". Mawu ena atatu asintha chifukwa cha amodzi. Ngati mukukonza mndandanda wanu wosinthira, yambani ndi mawu a gulu limodzi, monga "chimwemwe" ndi "chisangalalo", kenako aneni amene tsinde lake lingalowe m'malo mwa linzake popanda kugwedeza china, monga "-yankhula" ndi "-lankhula".

Mapulogalamu ozindikira mayina

Sitepe yotsatira ndi kugwiritsa ntchito pulogalamu imene inaphunzitsidwa kuzindikira mayina poona mawu owazungulira. Akatswiri amaitchula mwachidule kuti NER. Pa Chingerezi, pulogalamu yotchedwa spaCy imaika chizindikiro pa dzina lililonse limene yalipeza: PERSON pa munthu, ORG pa bungwe, GPE pa dziko kapena mzinda. NLTK nayo imaika NNP pa mayina amwinimwini. Mukatero mumauza pulogalamu yanu kuti chilichonse chokhala ndi chizindikiro isachikhudze.

Apa zinthu zimayenda bwino kuposa pa lamulo la chilembo chachikulu, chifukwa pulogalamuyo imatha kusiyanitsa Apple ya mafoni ndi chipatso, kapena Amazon ya malonda ndi mtsinje, ndipo imagwira dzina la mawu angapo ngati chinthu chimodzi. Kwa amene ali ndi ziganizo zikwizikwi, iyi ndiyo njira yoyambira. Koma imalosera, siidziwa. Imaphonya mayina achilendo kwa iyo, ndipo mayina a Chiafirika m'nkhani ya Chingerezi amakhala pakati pa ophonyedwawo kawirikawiri. Pa zinenero zimene spaCy ili nazo zophunzitsiratu, Chichewa palibe. Chimene chilipo ndi ntchito ya Masakhane, gulu la ofufuza za makompyuta ndi zinenero za mu Africa: mu 2022 linatulutsa MasakhaNER 2.0, nkhokwe ya ziganizo za m'nkhani za zinenero 20 za mu Africa, Chichewa chili momwemo, zoikidwa zizindikiro za anthu, malo, mabungwe ndi masiku. Amene akudziwa kuphunzitsa makina angayambire pamenepo. Kwa mlembi wamba amene akufuna kukonza lipoti lake lero, njirayi ndi yotalika kwambiri.

Mawebusayiti osanduliza nkhani

Awa ndi amene ambiri amathamangirako: mumata ndime, mudina batani, ikutulukirani ina. Amasiyana kwambiri. Ena, monga QuillBot, ali ndi malo olembapo mawu amene simukufuna kuti asinthidwe, ndipo ngati mugwiritsa ntchito webusayiti yotere, chimenecho ndicho choyamba kufufuza. Ena akalekale amangotola mawu pamndandanda osaona chiganizo.

Zipatso za achiwiriwa zinalowa mpaka m'magazini a sayansi. Mu 2021 Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov anaonetsa kuti m'mapepala ambiri ofalitsidwa munali mawu opotoka modabwitsa. Pomwe panayenera kukhala "artificial intelligence" panali "counterfeit consciousness", ndipo "big data" inasanduka "colossal information". Zisanachitike izi, mu 2014, mphunzitsi wina wa pa Middlesex University, Chris Sadler, anapeza m'ntchito ya wophunzira mawu oti "sinister buttocks", kutanthauza matako oipa, pomwe gwero linati "left behind", kutanthauza kusiyidwa m'mbuyo. Mawu aliwonse paokha anali ndi mnzawo wolondola m'buku. Ataphatikizidwa, tanthauzo linathawa.

Zitsanzozi zikutiphunzitsa kuti mayina amwinimwini si okhawo ofunika kutetezedwa. Mawu a ntchito inayake, a zachipatala, a zamalamulo, a zaulimi, amakhala ngati mayina ndithu. Dzina la matenda kapena la mankhwala lilibe lina lofanana nalo limene mungalowetsepo kuti nkhani ikome.

Njira ina yoyandikana nayo ndi kumasulira nkhani kupita ku chinenero china n'kuibwezanso. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, choncho ena amatumiza ndime ku Chingerezi n'kuibweza kuti ibwere ndi mawu ena. Imabweradi ndi mawu ena, koma pa mayina athu iyi ndiyo njira yoopsa kuposa zonse. Chimwemwe, Mphatso, Madalitso ndi Tiyamike ndi mawu omasulirika, ndipo dzina likangomasuliridwa popita, palibe chotsimikizira kuti libwerera momwe linalili. Sindingailimbikitse kwa aliyense.

Mapulogalamu ocheza nawo

ChatGPT, Gemini, Claude ndi anzawo asintha nkhaniyi kwambiri. Mumangowauza m'mawu wamba kuti asinthe mawu obwerezabwereza koma mayina awasiye, ndipo chifukwa amaona chiganizo chonse, amatha kukonza agwirizanitsi ndi kusankha tanthauzo loyenera. Pa Chingerezi amachita bwino kuposa njira zonse za makina zimene ndatchula. Pa Chichewa amayesetsa, koma amatha kubweretsa mawu a chinenero choyandikana nacho kapena kupeka mawu amene palibe amawalankhula.

Zolakwa zawo ndi zachete, ndipo n'chifukwa chake ndimaziopa. Find and Replace ikalakwa, cholakwacho chimakuwa. Awa akalakwa, chiganizo chimawerengeka bwinobwino. Akhoza "kukonza" kalembedwe ka dzina limene akuliona ngati lolakwika, kufupikitsa dzina la bungwe, kusintha "anthu ambiri" kukhala "anthu onse", kapena kutaya chiganizo chathunthu m'nkhani yaitali. Mukawapatsa ndime yomweyo kawiri, mayankho sakhala ofanana. Kumbukiraninso kuti chimene mwamata pamenepo chachoka pakompyuta yanu. Ngati nkhaniyo ili ndi mayina a odwala, a ana kapena a anthu a pamlandu, ganizani kawiri musanaitumize.

Kubisa mayina musanayambe

Njira imene ndimaikhulupirira siilowa m'malo mwa zinazi koma imazitsogolera. M'malo mopempha makina kuti azindikire mayina, achotseni mayinawo makina asanawaone.

Werengani nkhani yanu n'kulemba mndandanda wa zonse zosafunika kusuntha: anthu, malo, mabungwe, mitu ya mabuku ndi malamulo, mayina a mankhwala, ndiponso mawu ogwidwa kuchokera pakamwa pa munthu, poti amenewo si anu kuti muwasinthe. Chilichonse chipatseni nambala yachinsinsi yopanda tanthauzo m'chinenero chilichonse, monga XQ01, XQ02, XQ03. Musagwiritse ntchito mawu ngati DZINA, chifukwa pulogalamu ikhoza kuwamasulira. Manambala akhale a madijiti ofanana kuchuluka: mukalemba XQ1 ndi XQ10, pobwezeretsa XQ1 idzadya mutu wa XQ10. Yambani ndi mayina aatali. Bank of England ibisidwe yonse musanafike pa England, apo ayi mudzatsala ndi theka la dzina lili poyera.

Chiganizo chonga "Mavuto anauza Chikondi kuti mavuto awo atha" chimasanduka "XQ01 anauza XQ02 kuti mavuto awo atha". Pobisapo mugwiritse ntchito Find Next, osati Replace All, kuti inuyo muweruze Mavuto uti ndi munthu. Tsopano perekani nkhaniyo ku njira iliyonse imene mwasankha. Ikabwera ngati "XQ01 anadziwitsa XQ02 kuti zovuta zawo zatha", bwezeretsani mayina. Musanatero, werengani kuti XQ01 inalipo kangati popita ndipo ilipo kangati pobwera. Manambala akasiyana, pali chiganizo chimene chatayika kapena chawonjezedwa. Kuonjezera apo, mayina a anthu sanatuluke pakompyuta yanu.

Okonza mawebusayiti ali ndi chofanana nacho: mu HTML, chinenero cholembera mawebusayiti, mukaika translate="no" pa mawu, mukuuza mapulogalamu omasulira kuti awasiye.

Ntchito yolemba mndandanda ndi yotopetsa tsiku loyamba lokha. Ngati mumalemba za bungwe limodzimodzi kapena nkhani zofanana, mndandandawo mumangouwonjezera, ndipo NER ikhoza kukuthandizani kutola mayina oyambirira amene inu mudzangowatsimikiza.

Ndiye musankhe iti?

Ngati ndi kalata, nkhani ya patsamba limodzi kapena lipoti lalifupi, sinthani pamanja. Nthawi imene mungataye pokonza zolakwa za makina ndi yochuluka kuposa imene mungapulumutse. Ngati ndi mawu amodzi kapena awiri obwerezedwa m'chikalata chachitali, Find Next yokhala ndi mabokosi awiri aja ikukwanirani, bola muzikonza agwirizanitsi pomwepo. Ngati ndi chikalata chachitali chofunika kufewetsedwa chonse, bisani mayina, perekani ndime zochepazochepa kwa pulogalamu yocheza nayo, ndipo muiuze kuti isinthe mawu okha, isawonjezere kapena kuchotsa ganizo. Ngati ndi ziganizo zikwizikwi zophunzitsira makina, phatikizani NER ndi mndandanda wanu, musinthe mawu amodzi kapena awiri okha pa chiganizo, kenako mutole ziganizo zana mwachisawawa n'kuziwerenga ndi maso kuti muone kuchuluka kwa zowonongeka.

Dzifunseninso ngati mawuwo akufunikadi kusinthidwa. M'pangano la ntchito kapena m'malangizo a mankhwala, kubwereza mawu amodzimodzi ndi dala: mukati "wogwira ntchito" m'ndime yoyamba n'kuti "wolembedwa ntchito" m'ndime yachitatu, wowerenga akhoza kuganiza kuti ndi anthu awiri.

Njira iliyonse imene mwatsata, sungani chikalata choyambirira. Mu Word, pansi pa Review, pali Compare, imene imaika zikalata ziwiri pamodzi n'kuonetsa ndi mtundu wina malo onse amene asintha. Pitani pa malo amodziamodzi. Mukamaliza, werengani nkhaniyo mokweza mawu, chifukwa "chithandizo yathu" maso akhoza kuidumpha koma khutu la Mchewa silingailole kudutsa. Pomaliza tengani mndandanda wa mayina uja, mufufuze lililonse ndi Ctrl ndi F, muone ngati lilipo kangapo monga linalili poyamba, ndiponso ngati palibe XQ imene yatsalira penapake.